Ndisamukire ku koleji ya mahositelo? Yankho kwa achemwali a ku Indiana

Funso labwera kuchokera kwa mtsikana wina yemwe ali ku South Bend, ndipo ndalifupikitsa. Akuti: "Ndimakhala kwa azakhali, ndikuphunzira za bizinesi pa community college ina (koleji ya zaka ziwiri) pa viza ya ophunzira ya F-1, ndatsala pang'ono kumaliza chaka choyamba. Magiredi ali bwino koma ndilibe mnzanga olo mmodzi. Kalasi ikatha aliyense amathamangira ku galimoto yake, ena ndi azimayi a ana, ena akuthamangira kushifiti. Ine ndinkafuna moyo wa pa kampasi ngati umene akulu anga ankandiuza wa ku Chanco. Ndisamuke chaka chino? Azakhali akuti ndi zachibwana."

Achemwali, choyamba ndikuuzeni kuti si zachibwana ayi. Ndakhala ndikuthandiza ana a sukulu pa nkhani zosamuka ngati izi kwa zaka ndithu, ndipo amene ndimawadandaula kwambiri si amene akulephera mayeso, koma amene amangokhala chete, akukhoza bwinobwino koma tsiku lonse latha osayankhula ndi munthu wa msinkhu wawo kupatula wogulitsa khofi. Munthu wa zaka 19 kapena 20 amafunika anzake, ndipo mukaphatikiza ndi chisanu cha kumeneko choti mdima wagwa kale isanakwane 6 koloko madzulo, kusungulumwa kumatha kukudwalitsani zenizeni. Nde musalole kuti wina akupangitseni manyazi pa zimene mukumvazo. Azakhali anu nawonso sindikuwaweruza, iwo akuwerenga ndalama ndipo mbali imeneyo akunena zoona, tifikako.

Koma yankho langa ndi loti samukani, kungoti osati chaka chino. Malizani kaye associate degree yanuyo, digiri ya zaka ziwiri imene mukuchitayo, musamuke mu Ogasiti wa chaka chinacho, ndipo musasainire kalikonse musanaone ndi maso anu pepala losonyeza makirediti (mapointi amene kosi iliyonse imakupatsani mukaikhoza) amene akulandirani komanso kalata yoti muli ndi bedi pa kampasi. Ndifotokoza chifukwa chake.

Tiyambe ndi makirediti chifukwa ndi pamene anthu ambiri amalira. Digiri ya zaka zinayi ku America imafuna makirediti pafupifupi 120, associate pafupifupi 60. Mukamasamuka, sukulu yatsopano ndi imene imaganiza kuti pa makosi amene munachita itenga ati, ndipo palibe amene angaikakamize pokhapokha pakhale mgwirizano wolembedwa. Ofesi ya boma la America yotchedwa GAO inatulutsa lipoti mu 2017 lonena kuti ophunzira osamuka ankataya pafupifupi 43 peresenti ya makirediti awo. Taganizani, munthu waphunzira zaka ziwiri, walipira, wasala tulo, kenako akumuuza kuti pafupifupi theka bwereza. Kwa inu amene mukulipira fizi ya mwana wakunja, kosi iliyonse yobwereza ndi ndalama zimene wina kumudzi kapena azakhali anuwo azitukutira thukuta.

Ndipo pali kamsampha kamene ndikufuna mukamvetse bwino. Sukulu ikhoza kukuuzani kuti "talandira makirediti anu onse", inu nkusangalala, koma kulandira ndi kwina, kuwawerengera pa digiri yanu ndi kwinanso. Akhoza kuwalandira ngati ma elective basi, kutanthauza kuti ali pa transcript, pepala la magiredi anu, koma sakuchotsani kosi iliyonse yofunika pa major yanu, phunziro lenileni la digiri yanu. Ndinathandizapo mnyamata wina amene anabwera ndi pepala lake akumwetulira, makirediti 58 alandiridwa, titakhala pansi ndi pensulo nkuyamba kuika chizindikiro kosi ndi kosi pa ndandanda wa digiri yake tinapeza kuti amene akugwira ntchito sakufika 40. Anangokhala duu kuyang'ana pepalalo, kenako anandifunsa kuti awauza bwanji bambo ake zoti pawonjezereka chaka. Nkhope ija sindimaiiwala. Nde funso lowafunsa si loti mulandira makirediti angati, koma loti ndikabwera ndi izi, nditsala ndi makosi angati komanso masemesita angati kuti ndimalize digiri yakuti. Ayankhe pa imelo, osati pafoni.

Zina zoti mudziwe pamenepa: masukulu ambiri salandira kosi imene munapeza giredi yochepera C, makosi okonzekeretsa aja a masamu ndi Chingerezi amene manambala ake amakhala pansi pa 100 nthawi zambiri sasamuka, ndipo GPA yanu, avereji ya magiredi anu onse, siyikutsatirani, kwatsopanoko mumayambira pa ziro. Komanso pafupifupi sukulu iliyonse imafuna kuti gawo lina la digiri mulichitire pomwepo, ena makirediti 30, ena 60. Sungani silabasi ya kosi iliyonse imene mwachita, mu foda pa kompyuta, chifukwa tsiku limene adzakane kosi ina silabasiyo ndi imene idzakuyankhulireni.

Mwayi wanu ndi woti muli ku Indiana, ndipo boma la kumeneko linakonza njira yake. Pali Core Transfer Library, mndandanda wa makosi amene masukulu a boma m'chigawocho anagwirizana kuti azilandirana. Pali Indiana College Core, makirediti 30 a maphunziro oyambira amene mukawamaliza onse amasamuka ngati mtolo umodzi kupita ku yunivesite ina ya boma ya mu Indiana. Palinso ma Transfer Single Articulation Pathways, amene amangoti TSAP, oti mukamaliza associate degree ya mu njira imeneyo nkulandiridwa ku yunivesite ya boma pa major yofanana, mumalowa ngati wa chaka chachitatu. Bizinesi ili m'gulu limenelo. Onani mawu oti mukamaliza. Mtolowo umagwira ntchito ukakhala wathunthu, mukachoka pakatikati amaumasula nkuyamba kuona kosi imodziimodzi, ndipo ndi pamene zina zimagwera pansi. Ichi ndiye chifukwa chachikulu chimene ndikunenera kuti dikirani. Sabata ino pitani kwa advisor wanu mukamufunse ngati pulogalamu imene mwalembetsa ili ya TSAP, chifukwa pali ma associate ena okonzera munthu kupita ku ntchito osati ku yunivesite, mayina amafanana koma pa kusamuka amasiyana kutali. Dziwaninso kuti TSAP siyikulonjezani malo, kulandiridwa muyenera kufunsira ngati wina aliyense, ndipo masukulu a bizinesi otchuka amakhala ndi zofuna zawozawo pamwamba pa za yunivesite. Kwa ena amene mukuwerenga muli ku unesi, zanu ndi zovutirapo, makosi a unesi weniweni kawirikawiri sasamuka bwino, nde funsani kawiri.

Tsopano za Chanco zija. Ndikumvetsa chithunzi chimene chili m'mutu mwanu, phiri la Zomba kumbuyo, Great Hall, kucheza mpaka usiku kuhositelo, anthu oti mudzadziwana nawo moyo wonse. Koma afunseni bwino akulu anuwo, akuuzani kuti ngakhale kumeneko ambiri amakhala kunja kwa kampasi, ku Chikanda ndi madera ena, kumayenda wapansi mmawa ndi madzulo, ndipo ubwenzi umene amaukamba unapangika chifukwa analowa limodzi chaka choyamba, onse ali achilendo, onse akusochera limodzi. Apa ndi pamene pali nkhani imene mabulosha a masukulu sanena. Wosamuka amafika mochedwa. Mukamalowa chaka chachitatu anzanu a msinkhu wanu anapangana kale magulu, ambiri anatuluka kale m'mahositelo akuchita lendi nyumba anayi anayi mtauni. Ku Indiana University ku Bloomington mwachitsanzo, lamulo lokhala pa kampasi ndi la a chaka choyamba, ena amasankha okha, ndipo pasukulu ya anthu opitirira 40,000 munthu ukhoza kusungulumwa kuposa mmene ukusungulumwira pano. Ndaonapo mtsikana atasamukira ku kampasi yokongola kwambiri, kapinga ngati kalapeti, nsanja ya wotchi, zonse, koma chifukwa anachedwa kufunsira malo ogona anakathera mu apatimenti ya kutali yokwerera basi, nde moyo wake unakhala womwewo umene anauthawa, kungoti pa mtengo wowirikiza ndipo azakhali oti amuphikire nsima kulibe.

Sindikunena izi kuti ndikugwetseni ulesi. Ndikufuna kuti posankha sukulu muyang'ane zinthu zoyenera, osati zithunzi za pa Instagram. Funso loyamba kuofesi ya malo ogona likhale loti kodi osamuka mumawatsimikizira bedi, ndipo fomu yake imatseka liti. Masukulu ambiri amatsimikizira a chaka choyamba okha, osamuka amatola zotsala. Afunseni ngati ali ndi hositelo kapena chipinda cha osamuka okhaokha, chifukwa kukhala ndi anthu amene nawonso angofika kumene ndi kumene kumabweza pang'ono chija munachiphonya. Afunseni kuti ndi ophunzira angati pa 100 alionse amene amagona pa kampasi, komanso ngati pali orientation ya osamuka yeniyeni ya masiku angapo osati ya maola awiri pa Zoom. Ndipo funso limene ana akwathu amaiwala: hositelo imatseka pa holide ya Disembala? Ambiri amatseka, ana a konko amapita kwawo, inu kwanu ndi ku Malawi. Inu bola muli ndi azakhali, koma muwerengeretu za ulendowo.

Chinanso, mukafuna kuidziwa kampasi musapite tsiku la alendo limene amakukonzerani mabaluni. Pitani Loweruka wamba masana, kapena Lachiwiri cha m'ma 8 koloko usiku. Lowani kukafeteriya muone ngati muli anthu, onani malo oimika magalimoto a ophunzira ngati atsala mbee. Pali masukulu ena ali ndi mahositelo ndithu koma Lachisanu likangokwana aliyense wanyamula chikwama wapita kwawo, kampasi nkukhala ngati kumanda mpaka Lamlungu madzulo. Werengani mapepala omatidwa pa mabodi, akuuzani ngati pali zochitika kapena ayi. Ndipo mukaona munthu wakuda mnzanu musachite manyazi, mufunseni kuti pano zimakhala bwanji, tsitsi mumakonzetsa kuti, ufa mumagula kuti, tchalitchi chilipo. Makoleji ambiri a mtundu umene mukufunawo ali m'matauni ang'onoang'ono akumidzi, ndipo ku South Bend kumene muliko kuli a Malawi ambiri, maukwati, zinkhoswe, mapemphero, chinthu chimene mwina simukuchiwerengera pano chifukwa chili pafupi.

Ndikanakhala inu ndikanayang'ana mitundu iwiri yonse. Mayunivesite akuluakulu a boma ngati Bloomington, Purdue ku West Lafayette kapena Ball State ku Muncie ali ndi zonse zija za mipira, magulu mazanamazana, ku Bloomington kuli mpikisano wa njinga wa Little 500 mu Epulo umene unayamba mu 1951 ndipo tauni yonse imatekeseka. Koma palinso makoleji ang'onoang'ono omwe si a boma, ngati Goshen College yomwe ili pafupi nanu osakwana ola limodzi pagalimoto ndipo ophunzira ake safika 1,000, kapena Earlham ku Richmond, kapena DePauw ku Greencastle. Kwa munthu wofika mochedwa, ine mtima wanga umapendekera ku ang'onoang'onowa, chifukwa ambiri amagona pa kampasi mpaka chaka chomaliza ndipo nkhope yatsopano imaoneka, aphunzitsi amakudziwa dzina sabata yachiwiri. Mtengo wawo wolembedwa umaopsa koma nthawi zambiri amachotsera, nde musawathawe musanaone kalata ya ndalama. Kuipa kwake nkoti malamulo a TSAP aja sawamanga mmene amamangira a boma, nde kwa iwowa pepala la makirediti lija ndi lofunika kwambiri.

Nde tifike pa ndalama, pamene azakhali aima. Pano mukugona ndi kudya kwa abale, fizi ya community college ndi yotsika. Mukasamuka mukhala ndi fizi ya mwana wakunja, chifukwa wa F-1 salipira mtengo wa anthu a m'chigawo olo atakhalako zaka zingati, kuphatikiza chipinda, meal plan (ndalama ya chakudya cha kukafeteriya) imene m'mahositelo ambiri ndi yokakamiza, inshulansi ya chipatala, mabuku. Thandizo la boma la America lodzera pa fomu yotchedwa FAFSA simungalipeze. Ndipo chowawa nchoti masikolashipu a osamuka nthawi zambiri amakhala ochepa kuposa a olowa chaka choyamba. Chimene mungachite panopa ndi kusunga GPA yanu pamwamba ndi kulowa Phi Theta Kappa akakuitanani, bungwe la ophunzira okhoza bwino a m'makoleji a zaka ziwiri, chifukwa masukulu ambiri ali ndi sikolashipu ya mamembala ake, kungoti mufunse ngati akunja amapatsidwanso. Njira ina ndi kudzafunsira u RA, woyang'anira anzake muhositelo, amene m'masukulu ambiri amapatsidwa chipinda chaulere, koma zimenezo zimabwera mutakhalako kaye, musaziike mu bajeti ya chaka choyamba. Ntchito ya pa kampasi lamulo limakulolani maola 20 pa sabata sukulu ili mkati, imathandiza pa sopo ndi foni, fizi siingalipire.

Khalani pansi ndi azakhali ndi amene amakulipirirani, muwaonetse manambala a zaka ziwiri zonse osati chaka chimodzi. Ndikunena izi chifukwa choopsa kwambiri si kukhala pa community college, koma kusamuka nkudzasowa fizi pakati pa chaka chachitatu, sukulu nkukutsekerani kulembetsa makosi, ndipo kwa wa F-1 kusalembetsa makirediti 12 pa semesita ndiye kuti chilolezo chanu chokhalira ku America chalowa m'madzi. Ndipo polankhula nawo musayambe ndi zoti ndatopa kukhala pano, zingawapweteke, munthu wakusungani chaka chathunthu. Auzeni kuti digiri ya zaka zinayi muyenera kukaimalizira kwina basi, funso ndi loti kuti komanso liti, ndipo mukufuna muganizire limodzi.

Za viza ndizinena mwachidule koma muzisamale. Rekodi yanu ya mu SEVIS, kaundula wa boma la America wa ophunzira akunja, imasamutsidwa, simuyambanso yatsopano, nambala imakhala yomweyo ndipo ndalama yolembetsera mu kaundulayo, yotchedwa I-901, simulipiranso. Mukalandiridwa mumapita kwa DSO, woona nkhani za viza za ophunzira akunja pa sukulu yanu ya pano, ndi kalata, mumagwirizana tsiku lomasula rekodi, sukulu yatsopano nkukupatsani I-20 ina, chikalata chotsimikiza kuti ndinu wophunzira wawo, ndipo adzafuna umboni wa kubanki woti muli ndi ndalama za chaka chimodzi. Makalasi kwatsopanoko ayenera kuyamba pasanathe miyezi isanu kuchokera pamene mwachoka pa sukulu yakale, ndipo mukaonekere kwa DSO wa kumeneko pasanathe masiku 15 kuchokera pa tsiku loyambira lolembedwa pa I-20. Tsiku lomasula likangodutsa ntchito ya pa kampasi yakale muyenera kusiya. Musapemphe kuti amasule rekodi musanatsimikize kumene mukupita, kubweza kumavuta. Ndipo ngati mukuganiza zopita ku Malawi pa holide ya pakati pa masukulu awiriwo, musagule tikiti musanakambe ndi DSO, malamulo a maviza a anthu akwathu akhala akusinthasintha ndipo sindikufuna mudzatsakamire ku Lilongwe sukulu itatsegula.

Chifukwa chake ndikuti Ogasiti osati Januwale nchoti chaka cha sukulu chimayamba mu Ogasiti, magulu onse amalemba anthu atsopano nthawi imeneyo, mabedi amagawidwa nthawi imeneyo, ndalama za masikolashipu zambiri zimakhalapo nthawi imeneyo. Wofika mu Januwale amapeza chisanu, aliyense wadzitsekera, ndipo palibe amene akuyang'ana mnzake watsopano. Mafomu ambiri a osamuka a mu Ogasiti amatseka miyezi yoyambirira ya chaka, ena amalandira mpaka mochedwerapo, koma inu musadalire tsiku lomaliza, malo ogona amatha kale lisanafike. Yambani kulemba maimelo mu Seputembala, pofika Disembala mukhale mutadziwa masukulu atatu kapena anayi, ndipo mupezeretu mphunzitsi mmodzi kapena awiri okudziwani bwino oti adzakulembereni kalata.

Chatsala ndi chaka chimene mukhalebe pomwepochi, ndipo sindikufuna muchione ngati chongopirira. Chimene chimapanga anzako pa kampasi si njerwa za hositelo, ndi kuonana ndi anthu omwewo mobwerezabwereza popanda kupangana, ndipo zimenezo pang'ono mukhoza kuzipanga pomwe mulipo. Siyani kuthamangira kunyumba kalasi ikatha, khalani ku laibulale pa tebulo lomwelo masiku omwewo. Funsirani ntchito ya pa kampasi, olo ya maola asanu ndi atatu pa sabata ku tutoring center kapena kuofesi ya ophunzira akunja, chifukwa ogwira ntchito limodzi ndi amene amayamba kudziwana. Semesita ikubwerayi pewani makosi a pa intaneti ngati mungathe, tengani a mkalasi, makamaka okhala ndi ntchito ya m'magulu. Mayi wa ana uja amene amathamangira ku galimoto, tsiku lina mufunseni ngati mungawerengere limodzi mayeso a accounting, mwina naye akusowa woyankhula naye. Ndipo zimenezi si zongodutsitsa nthawi, mudzazifuna kwatsopanoko, chifukwa wosamuka palibe amene amabwera kudzamugogodera pachitseko, ndi iyeyo amene amayamba kupereka moni.

Koma ngati kusungulumwako kwafika poti simukugona, simukudya, kapena mmawa mukulephera kudzuka kupita ku kalasi, musadikire za Ogasiti, pitani mukafunse za counseling pa koleji yanu sabata ino ndipo muwauze azakhali mmene zilili. Mukapita kwa advisor uja nkumva za TSAP, mundilemberenso mundiuze makosi amene mwamaliza ndi magiredi ake, tidzaone limodzi amene mungatenge semesita ikubwerayi.